Pakati pa Lonjezo ndi Umwini: Kodi Nyumba Imakhala Yako Liti?

Chichewa chimasiyanitsa bwino mawu awiri awa: "ndidzakugulitsa" ndi "ndakugulitsiratu". Mawu oyambawo ali ndi kamphatikiri ka -dza-, kamene kamakankhira ntchito kutsogolo, kumawa kumene palibe adakuonako. Achiwiriwo amathera ndi -iratu, kusonyeza kuti nkhani yatha ndipo palibenso kubwerera m'mbuyo. Wamalonda aliyense wa pamsika amadziwa kusiyana kumeneku ngakhale sadapondeko m'kalasi ya zamalamulo. Koma chinthu chogulidwacho chikakhala nyumba, wogula n'kukhala kuti wakhala akulipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zinayi, akugona momwemo ndipo ana ake akukuliramo, malire a mawu awiriwa amayamba kuzilala m'maso mwa anthu, pamene m'maso mwa lamulo amakhalabe owongoka ngati chingwe cha mmisiri. Funso la nkhani ino ndi lakuti: kodi n'chilungamo kuti munthu amene walipira gawo lalikulu la mtengo, kapenanso mtengo wonse, auzidwe kuti alibe nyumba, ali ndi lonjezo chabe?

Funsoli tilisinkhasinkha tili ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu adautcha Joni m'masiku a Wenela ndi Theba. Amalawi a nthawi imeneyo ankagona m'makomboni a migodi, ndipo nkhani yogula nyumba sinkawakhudza. Adzukulu awo a lero amachita lendi zipinda, amagula magalimoto ndi mipando molipira pang'onopang'ono, ndipo ena amafika poganiza zogula malo. Mumzinda womwewu, paphiri la Constitution Hill ku Braamfontein, pamene kale padali ndende, ndi pamene pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, Constitutional Court. Khotili lakhala likuweruza milandu ya anthu amene adapezeka ataima pakati pa lonjezo ndi umwini, ndipo zigamulo zake ndi chakudya chabwino kwa aliyense wofuna kuganizira za chilungamo.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo. Malamulo a katundu a ku South Africa adachokera kwa Aroma kudzera kwa Adatchi, ndipo ena mwa akatswiri akale amene makhoti amawatchulabe ndi Hugo Grotius ndi Johannes Voet. Mwambo umenewu umaphunzitsa kuti pangano palokha silisamutsa umwini. Anthu awiri akagwirizana za chinthu ndi mtengo wake, pangano la malonda labadwa, koma chimene wogula wapeza ndi mphamvu yokakamiza mnzakeyo kuti apereke chinthucho. Chinthucho chikadali cha wogulitsa. Kuti umwini usamuke pamafunika ntchito yachiwiri. Ngati ndi katundu wonyamulika, monga njinga kapena firiji, aperekedwe m'manja. Ngati ndi malo kapena nyumba, dzina la wogula lilowe m'kaundula wa boma. Ndime 16 ya Deeds Registries Act ya 1937 imati umwini wa malo umasamuka kudzera m'chikalata chosamutsira chotsimikizidwa ndi mkulu wa kaundulayo. Ndime 2 ya Alienation of Land Act ya 1981 imati pangano logulitsa malo lilibe mphamvu ngati silidalembedwe ndi kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Motero pali makwerero atatu: mawu apakamwa, amene pankhani ya malo lamulo siliwawerengera, pangano lolembedwa, limene limamanga wogulitsa koma silipereka umwini, ndi kulembetsa ku Deeds Office, kumene ndiko kugulitsiratu.

Si mayiko onse amene amadula malire pamalo amodzi. Malamulo a ku France a 1804, m'ndime 1583, amati pakati pa wogula ndi wogulitsa umwini umasamuka pamene awiriwo agwirizana za chinthu ndi mtengo, ngakhale chinthucho chisanaperekedwe ndiponso mtengo usanalipidwe. Lamulo la ku England la Sale of Goods Act la 1893, limene malamulo a malonda a ku Malawi ndi ku Zambia adatengera, limasiyanitsa malonda enieni, pamene umwini wasamuka, ndi mgwirizano wodzagulitsa, pamene umwini ukudikira tsiku lina kapena mfundo ina imene isanakwaniritsidwe. Ku Philippines makhoti amasiyanitsa kwambiri pangano lodzagulitsa, m'mene wogulitsa amasunga umwini mpaka ndalama yomaliza italowa, ndi chikalata cha malonda otheratu. Malire amasuntha kuchoka dziko lina kupita dziko lina, koma palibe dziko limene lidawafufutiratu. Zimenezi zikutichenjeza kuti kusiyanitsaku si ukathyali wa maloya ayi, kuli ndi chifukwa chake.

Woganiza mozama wa ku Germany, Immanuel Kant, adafotokoza chifukwachi m'buku lake la 1797 lotchedwa Die Metaphysik der Sitten. Iye adaona kuti pangano limandipatsa ufulu pa munthu, pamene umwini umandipatsa ufulu pa chinthu. Ufulu pa munthu umamanga munthu mmodzi yekha, uja adandilonjeza. Ufulu pa chinthu umamanga aliyense: mbala, mnansi, banki, mwana wa wogulitsa, ngakhale mlendo amene sadamvepo dzina langa. Tsono kodi anthu awiri onong'onezana m'chipinda angamange bwanji dziko lonse? Kuti anthu onse alemekeze umwini wanga, payenera kukhala chizindikiro chimene anthu onse angachione. Kumudzi chizindikirocho ndi mfumu ndi mboni zoyenda m'malire a munda dzuwa likuswa mtengo. Mumzinda wa anthu mamiliyoni osadziwana, chizindikirocho ndi kaundula.

Tiyenera kuvomereza kuti malire amenewa amateteza anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi osauka. Taganizirani mayi wamasiye amene chuma chake chonse ndi nyumba imodzi, ndipo wapeza wogula amene banki yamukana ngongole. Mayiyu angavomere kulandira ndalama pang'onopang'ono pokhapokha akudziwa kuti nyumba ikhalabe m'dzina lake kufikira mtengo utakwana. Popanda chitetezo chimenechi sakadavomera, ndipo wogula wosaukayo sakadapeza khomo lolowera. Pangano lodzagulitsa ndi mlatho umene umalola wopanda ndalama zonse lero kuti ayambe ulendo. Lamulo lomwelo limagwira ntchito m'masitolo: pa malonda a lay-by, ndime 62 ya Consumer Protection Act ya 2008 imasiya katundu m'manja mwa wasitolo mpaka mtengo utatha, koma imanenanso kuti ndalama zimene wogula wapereka zikadali zake za wogulayo kufikira katundu ataperekedwa. Aliyense amagwira chake mpaka tsiku losinthana.

Komabe mlatho ndi malo owopsa kuimapo nthawi yaitali, ndipo milandu iwiri ikusonyeza zimenezi. Woyamba ndi wa Botha v Rich, umene Constitutional Court idagamula mu 2014. M'chaka cha 2003 mayi wina adachita pangano logula malo m'tauni ya De Aar, ku Northern Cape, pamtengo wa R240 000, kulipira R4 000 mwezi uliwonse, ndipo pamalopo ankachitirapo bizinesi yochapa zovala. Atalipira pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mtengowo, adayamba kulephera. Panganolo lidali ndi mfundo yakuti wogula akalephera, wogulitsa angathe kuthetsa pangano ndi kusunga ndalama zonse zimene zidaperekedwa kale. Ogulitsa adafuna kuchita zomwezo: malo abwerere kwa iwo, ndalama zikhalenso kwa iwo. Makhoti aang'ono adawavomereza. Koma Constitutional Court, m'chigamulo cholembedwa ndi Justice Bess Nkabinde, idaona kuti chilango chotere chidali chachikulu mopitirira cholakwacho. Idalamula kuti malowo alembedwe m'dzina la wogula, iye atalipira zimene adatsalira m'mbuyo ndi kuika malowo ngati chikole cha ngongole yotsalayo.

Mlandu wachiwiri, wa Sarrahwitz v Maritz, udagamulidwa mu 2015, ndipo ndi wodabwitsa koposa. Mayi wina wa ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, adagula nyumba mu 2002 pamtengo wa R40 000. Adalipira mtengo wonse n'kulowa m'nyumbamo, koma dzina lake silidalowe m'kaundula. Mu 2006 wogulitsa uja adagwa m'ngongole ndipo khoti lidaika katundu wake yense m'manja mwa woyang'anira kuti agulitsidwe, angongole agawane. Popeza kaundula ankasonyezabe dzina la wogulitsa, nyumba ya mayiyo idawerengedwa pamodzi ndi katunduyo. Malinga ndi malamulo akale, iye adali mmodzi chabe mwa anthu ofuna ndalama zawo, woima pamzere pamodzi ndi ena onse. Choipiraipira n'chakuti lamulo la 1981 linkateteza ogula olipira pang'onopang'ono kwa nthawi yoposa chaka, koma lidaiwala munthu wolipira zonse msanga. Chief Justice Mogoeng Mogoeng adagamula kuti kusiyanitsa kumeneku kudalibe nzeru ndipo kunkatsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, amene m'ndime 26 amateteza ufulu wopeza pokhala. Khoti lidawonjezera mawu m'lamulolo kuti wogula wotere, amene akadasowa pogona, atetezedwe.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wina angawerenge milandu iwiriyi n'kunena kuti mwambiwu wanena zonse: amayi awiriwo adayenera kudziwa kuti fodya wawo adali akadali pachala. Monga chenjezo kwa wogula, mwambiwu ndi woona. Koma mwambi wochenjeza suweruza mlandu. Mphepo ilibe chikumbumtima, n'chifukwa chake sitiiimba mlandu ikaulutsa fodya. Wogulitsa ndi munthu. Iye akalandira ndalama za zaka zinayi n'kufuna kusunga ndalamazo pamodzi ndi nyumba, sitinganene kuti kwaomba mphepo. Pali dzanja limene latambasuka.

Gwero la vutoli ndi lakuti lamulo ndi moyo zimawerenga nthawi mosiyana. Kwa lamulo, umwini umasamuka ngati kung'anima kwa mphezi: dzulo sudali mwini, lero ndiwe mwini, ndipo palibe tsiku limene udali mwini mwatheka. Kwa munthu wolipirayo, umwini umakula ngati mtengo wa mango. Ndalama za mwezi uliwonse ndi masiku amene adadzuka m'mamawa kukadikira takisi pa Noord kapena pa Bree, ndi nyama imene ana sadadye, ndi maliro akumudzi amene sadapiteko. Akamapaka utoto khoma ndi kukonza denga, amachita zimenezo ngati mwini, ndipo anansi amamuona ngati mwini. Lamulo silikunama ponena kuti iye si mwini, pakuti kaundula ayenera kuyankha funso limodzi ndi yankho limodzi. Koma likadanama likadanena kuti munthu amene walipira magawo atatu mwa anayi ali chimodzimodzi ndi munthu amene sadalipirepo kanthu.

Aphungu amene adapanga lamulo la 1981 adaliona vutoli, ndipo adamanga mipanda ingapo m'mbali mwa mlatho. Pa nyumba zokhalamo zogulidwa molipira kangapo kwa nthawi yoposa chaka, ndime 20 imalamula wogulitsa kuti alembetse panganolo ku Deeds Office pasanathe masiku 90, kuti aliyense wofufuza aone kuti nyumbayo ili ndi woidikira. Ndime 26 imaletsa wogulitsa kulandira malipiro pangano lotere lisanalembetsedwe, ndipo mu 2018, pa mlandu wa Amardien v Registrar of Deeds wokhudza mabanja a ku Cape Town, Constitutional Court idatsimikiza kuti ogula sangatchedwe olephera kulipira pa nthawi imene wogulitsa adali asanalembetse. Ndime 19 imafuna kuti wogula wolephera apatsidwe chenjezo la masiku 30 pangano lisanathetsedwe. Ndime 27 imati wogula amene walipira theka la mtengo angathe kufuna kuti malo alembedwe m'dzina lake, iye n'kuwaika chikole pa ndalama zotsala. Ku Philippines, lamulo la 1972 lodziwika ndi dzina lakuti Maceda Law limati wogula nyumba amene walipira kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo abwezeredwe theka la zimene adapereka ngati pangano lathetsedwa. Malamulo onsewa akuvomereza mwakachetechete mfundo imodzi, yakuti lonjezo limalemera pamene likukwaniritsidwa. Lonjezo la tsiku loyamba ndi lonjezo la chaka chachinayi n'zolembedwa ndi mawu omwewo, koma kulemera kwake n'kosiyana.

Pali chitsutso champhamvu chimene sitiyenera kuchilambalala. Anthu akuluakulu adasaina pangano ndi maso otsegula. Ngati khoti lingasinthe zimene adagwirizana chifukwa choti woweruza wamva chisoni, ndani adzakhulupirirenso pangano? Ogulitsa adzaleka kugulitsa molipira pang'onopang'ono, ndipo ovutika adzakhala osauka omwewo amene tikufuna kuwateteza. Constitutional Court yomweyo idamva kulemera kwa chitsutsochi. Mu 2020, pa mlandu wa Beadica v Oregon Trust, oweruza ambiri, m'chigamulo cha Justice Leona Theron, adanena kuti khoti silingakane kukwaniritsa pangano pachifukwa chokha chakuti woweruza akuliona kuti n'losakomera mbali imodzi, ndipo adachenjeza kuti mlandu wa Botha usawerengedwe ngati chilolezo chotero. Koma khotilo silidafafanize zimene lidanena mu 2007 pa mlandu wa Barkhuizen v Napier, kuti mfundo za pangano zimayesedwa ndi zimene malamulo oyendetsera dziko amalemekeza, kuphatikizapo ubuntu, umene ife timati umunthu.

Yankho langa pa chitsutsochi ndi lakuti kusunga pangano ndi kudyerera pangano ndi zinthu ziwiri zosiyana. Timati pangano lidadulitsa mutu wa Yohane, ndipo ponena mawuwa sitikhala tikuyamikira Herode chifukwa chosunga mawu ake. Timakhala tikudandaula kuti munthu angathe kubisala kumbuyo kwa lonjezo pochita chinthu chimene iye mwini akudziwa kuti n'choipa. Cholinga cha mfundo yosunga umwini m'manja mwa wogulitsa ndicho kuonetsetsa kuti iye alandira mtengo wake. Ndi chishango. Wogulitsa akapatsidwa mtengo wake wonse, pamodzi ndi zimene wataya chifukwa cha kuchedwa, chishango chagwira ntchito yake. Akafuna zoposa pamenepo, wasandutsa chishango kukhala mkondo. Ngakhale lamulo lakale la Conventional Penalties Act la 1962 limalola khoti kuchepetsa chilango cha m'pangano chikakhala chachikulu mopitirira zimene wolakwiridwa wataya. Choncho kufuna kuti chilango chilingane ndi cholakwa si chisoni cha woweruza. Ndi kufunsa chimene anthu awiriwo ankafuna pamene ankasaina, pakuti palibe wogula amene amasaina ndi cholinga chodzapereka nyumba ndi ndalama zomwe.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imaoneka tikaitembenuza. Taona anthu amene adali ndi mtima wa mwini koma opanda chikalata. Palinso zikalata zonena kuti malonda atheratu pamene mtima wogulitsa padalibe. M'zaka za m'ma 2000 kampani yotchedwa Brusson Finance inkaitana eni nyumba amene mabanki adawakana kuti adzatenge ngongole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapepala amene anthuwo ankasaina adali ogulitsa nyumba zawo kwa munthu wina wosamudziwa, amene ankatenga ngongole kubanki poika nyumbayo chikole, pamodzi ndi pangano lakuti eni nyumba akalewo aziigulanso pang'onopang'ono. Mwini nyumba ankalowa muofesi ali ndi umwini, n'kutuluka ali ndi lonjezo. Mabanja mazanamazana adakodwa. Banja lina la ku Vereeniging, kumwera kwa Johannesburg, lidakasuma ku High Court ya ku Johannesburg, ndipo mlanduwo, wa Absa Bank v Moore, udafika ku Constitutional Court mu 2016. Makhoti adapeza kuti popeza banjalo lidanyengedwa ndipo silidafune konse kusamutsa umwini, umwiniwo sudasamuke ngakhale kaundula adasintha dzina, ndipo chikole cha banki chidagwa nawo limodzi.

Phunziro lake ndi lakuti kugulitsiratu kuli ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ndi chizindikiro chooneka, kaundula. Mwendo wina ndi chifuniro chenicheni cha wopereka ndi cha wolandira. Supreme Court of Appeal idatsindika zimenezi mu 2008 pa mlandu wa Legator McKenna v Shea. Lamulo limayang'ananso chikumbumtima pamene nyumba imodzi yagulitsidwa kawiri. Kawirikawiri amene wayamba kulembetsa ndiye mwini, ndipo winayo amatsala ndi mlandu wake ndi wogulitsa. Koma ngati wolembetsayo ankadziwa kuti nyumbayo idalonjezedwa kale kwa wina, khoti lingathe kumulanda. Apa lamulo likunena chinthu chimene agogo athu akadachivomereza: kudziwa kumamanga. Lonjezo la anthu awiri silimanga dziko lonse, koma limamanga aliyense amene walimva.

Tsono n'chifukwa chiyani anthu ambiri ku Johannesburg amaima pamlatho zaka ndi zaka osawoloka? Si ulesi wokha. Mbiri ya mzindawu idaphunzitsa anthu akuda kuti chikalata cha boma si chinthu chodalirika. Ku Sophiatown anthu akuda adali ndi umwini weniweni, wolembedwa m'kaundula, koma kuyambira pa 9 February 1955 boma la tsankho lidayamba kuwasamutsira ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugwetsedwa, malowo n'kutchedwa Triomf. Ku Soweto mibadwo idakulira m'nyumba za khonsolo zimene sikadatha kuzigula. Lendi ya zaka 99 idabwera mu 1978, ndipo umwini wathunthu udaloledwa mu 1986. Anthu amene kaundula adawatsekera kunja kwa zaka zambiri chotere adadzipangira njira zawo: mboni za pamsewu, komiti ya m'dera, kalata yolumbira yodindidwa kupolisi. Kuwonjezera apo, kusamutsa umwini kumafuna loya wa ntchitoyo ndiponso chikalata cha khonsolo chotsimikiza kuti ngongole za malowo zalipidwa, ndipo zonsezi zimadya ndalama.

Apa ndi pamene mlendo wochokera ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Chipata ayenera kutsegula maso. Malamulo a ku South Africa saletsa mlendo kukhala mwini nyumba, koma salola njira yachidule. Kalata yolumbira ya kupolisi ingathe kukhala umboni wakuti ndalama zidaperekedwa, singasamutse umwini. Nyumba zomangidwa ndi thandizo la boma, zimene anthu amazitcha za RDP, zili ndi chiletso china: ndime 10A ya Housing Act ya 1997 imaletsa wolandira nyumba yotere kuigulitsa pasanathe zaka zisanu ndi zitatu asanayambe waipereka ku dipatimenti ya nyumba ya m'chigawo. Wogula nyumba yotere mwamseri angathe kukhalamo mwamtendere mpaka tsiku limene wogulitsa wamwalira, ana ake n'kufika ndi chikalata chaumwini m'manja. Ndipo mlendo amene mapepala ake okhalira m'dziko ali okayikitsa amaopa kupita kukhoti, chinthu chimene wogulitsa wachinyengo amachidziwa bwino. Motero amene ali pangozi yaikulu ndi yemweyo amene mawu ake samveka.

Chikhalidwe chathu chili ndi chitsanzo chimene chingatithandize kuganiza bwino za malo apakatiwa. Chitomero si ukwati, ndipo palibe Mchewa amene amasokoneza ziwirizi: ukwati umadziwika ankhoswe a mbali zonse akakumana poyera, monga momwe umwini umadziwikira ndi kaundula. Koma palibenso amene amati chitomero n'chabechabe. Mnyamata akapereka chikole, mudzi umadziwa kuti mtsikanayo ali ndi womudikira, ndipo wina wodzafunsira pamenepo akudziwa amaonedwa ngati wopanda khalidwe. Chitomero chikatha pamakhala kukambirana za chikolecho ndi za amene walakwa. Makolo athu adadziwa kuti pakati pa "palibe" ndi "zatheka" pali dera lachitatu limene lili ndi malamulo ake ndi ulemu wake. Munthu sagulidwa, ndipo fanizoli lisapitirire pamene lafika. Chimene tikutengapo ndi nzeru yozindikira kuti kudikira nako kuli ndi ufulu wake.

Maganizo anga tsono ndi awa. Malire a pakati pa pangano lodzagulitsa ndi malonda otheratu ayenera kukhalapo, pakuti popanda iwo palibe amene angadziwe chake ndi cha mnzake mumzinda wa alendo okhaokha. Koma kuyambira tsiku limene wogulitsa walandira ndalama yoyamba, umwini wake wasintha mtundu ngakhale kaundula sadasinthe. Iye salinso mwini womasuka kuchita chilichonse chimene afuna. Wasanduka msungi wa chinthu chimene chili paulendo wopita kwa wina. Msungi sagulitsa kawiri, saika chikole mwamseri chinthu chimene akusungira mnzake, sazengereza dala kulembetsa, ndipo sakondwera mnzake akapunthwa pafupi ndi mapeto. Lamulo lingathe kukakamiza zina mwa zimenezi, monga taonera, koma silingafike paliponse, ndipo milandu imene imafika ku Braamfontein ndi yochepa poyerekeza ndi imene imathera m'misozi ya m'zipinda za lendi. Kumene lamulo silifika, chotsala ndi umunthu wa wogulitsa.

Wogula nayenso ali ndi udindo, pakuti umunthu si katundu wosenza mbali imodzi. Ayenera kulipira monga adalonjezera, ndipo zikamuvuta anene msanga m'malo mobisala. Ayenera kufufuza ku Deeds Office kuti aone ngati womugulitsayo ndiye mwini weniweni ndiponso ngati nyumbayo ilibe ngongole ya banki. Ayenera kuonetsetsa kuti pangano lalembedwa, lasainidwa ndi kulembetsedwa, ndipo akafika pa theka la mtengo akumbukire ndime 27. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kufunsa chikalata kwa munthu amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi kapena mzikiti umodzi kumaoneka ngati kumukayikira, ndipo ambiri a ife timachita manyazi. Koma chikalata sichilembedwa chifukwa cha anthu awiri amene akugwirana chanza lero. Chimalembedwa chifukwa cha amene sadali pamenepo: ana, akazi amasiye, angongole, ndi woyang'anira chuma cha womwalira amene sadzadziwa kuti awiriwo ankakondana motani.

Kwa ophunzira zamalamulo amene akuwerenga nkhani ino, funso la pamayeso lidzakhala lakuti umwini umasamuka liti, ndipo yankho lake ndi lalifupi: pa tsiku lolembetsa, ngati onse awiri adafunadi kuti usamuke. Funso limene adzakumane nalo muofesi ndi lina. Kudzabwera munthu ndi mulu wa malisiti a zaka zisanu m'jumbo, dzina lake mulibe m'kaundula, ndipo adzafunsa ngati nyumba imene amagonamo ili yake. Loya woona mtima adzamuuza kuti ayi, isanakhale yake. Loya wodziwa ntchito yake sadzalekera pomwepo, pakuti malisitiwo ali ndi mphamvu imene lamulo la 1981 ndi zigamulo za 2014, 2015 ndi 2018 zidaivomereza, ndipo ntchito yake ndiyo kumuwolotsa munthuyo wogulitsa asanamwalire, asanagwe m'ngongole, ndiponso asanapeze wogula wina.